Masiku anayi ndi shaki za ku Sodwana: ndemanga pa ntchito ya otsogolera alendo pansi pa nyanja

Ndinaphunzira kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya ku Nkhata Bay, m'madzi opanda mchere a Nyanja ya Malawi, kumene nsomba yaikulu imene munthu amayembekeza kukumana nayo pakati pa miyala ndi kampango wobisala m'phanga, ndipo kwa zaka zingapo mbuna zokongola za kumeneko zinkandikhutiritsa mtima. Nditasamukira ku Durban chifukwa cha ntchito, ndinayamba kumva anthu akusimba za shaki zokhala m'matanthwe a korali kumpoto kwa KwaZulu-Natal, ndipo chimene chinkandikopa si mantha amene dzina la nsombayi limabweretsa, koma mawu amene ndinkawamva mobwerezabwereza akuti shaki ili ndi makhalidwe amene munthu wodekha angawaphunzire ndi maso ake. Mu Januwale ine ndi mlamu wanga tinanyamuka ulendo wa ku Sodwana Bay, tinalipira kampani ina yaing'ono ya kumeneko kuti ititengere pansi pa nyanja kasanu ndi kamodzi pa masiku anayi, ndipo ndemanga iyi ndi ya ntchito imene anatigwirira. Dzina la kampaniyo sindilitchula, chifukwa ndili ndi dandaulo limodzi lalikulu limene ndikufuna kulinena mosabisa, ndipo sindikufuna kuti cholakwa cha m'mawa umodzi chiipitse mbiri ya anthu amene pa masiku ena onse anagwira ntchito yotamandika.

Sodwana ili mkati mwa iSimangaliso Wetland Park, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999. Kuchokera ku Durban munthu amatsata msewu wa N2 mpaka ku Hluhluwe, n'kukhotera mu R22 kudzera ku Mbazwana, ulendo wa maola anayi kapena kupitirira pang'ono. Madzi a kuno ndi ofunda chifukwa cha mtsinje waukulu wa m'nyanja wotchedwa Agulhas umene umatsika kuchokera kumpoto, ndipo ndiwo umachititsa kuti korali amere kum'mwera chonchi. Matanthwe ake anawatcha maina potengera kutalika kwa mtunda kuchokera ku Jesser Point, pamene maboti amanyamukira, kotero kuti pali Quarter Mile, Two Mile, Five Mile, Seven Mile ndi Nine Mile. M'zigwa zakuya za patsogolo pa gombe lomweli ndi mmene mu 2000 osambira ena anapeza nsomba yakale kwambiri yotchedwa coelacanth, pa kuya kopitirira mamita 100, koma kumeneko si kwa alendo ngati ife.

Chinthu choyamba chimene ndinachikonda chinachitika tisanakhudze n'komwe madzi. Madzulo a tsiku limene tinafika, mayi amene anali wotitsogolera, wobadwira m'dera lomwelo, anatikhazika pansi pa khonde la ofesi yawo, natifunsa aliyense kuti tinaphunzira kuti, tamira kangati, ndipo ulendo wathu womaliza unali liti. Atamva kuti maulendo anga ambiri anali a m'madzi opanda mchere, anandiwonjezera zitsulo za mtovu pa lamba, nandifotokozera kuti madzi amchere amanyamula thupi kwambiri, ndipo munthu amene akulimbana ndi kuyandama amapalasa manja ndi miyendo mosalekeza, zimene zimathamangitsa nsomba iliyonse yamanyazi. Ananenanso momveka kuti iwo sathira nyambo kapena magazi m'madzi pofuna kuitana shaki, ndipo sanatilonjeze kuti tidzaona chilichonse. Kum'mwera kwa Durban, ku Aliwal Shoal, kuli maulendo amene amagwiritsa ntchito nyambo, ndipo kumeneko shaki zimabwera zambiri n'kumazungulira anthu, koma chimene munthu amaona pamenepo ndi khalidwe la nsomba imene yanunkhiza chakudya, osati la nsomba imene ili pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Ine ndinkafuna kuona moyo wa tsiku ndi tsikuwo, choncho kusalonjeza kwa mayiyu kunandilimbitsa mtima kuposa mmene lonjezo likanachitira.

Malangizo ake anatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo ndimaona kuti ndi amene anali phindu lenileni la ndalama zathu. Anatiphunzitsa kusiyanitsa mitundu imene tingakumane nayo, kuyambira shaki ya nsonga zoyera pa zipsepse imene imagona m'mapanga masana, shaki yotuwa imene imayendayenda m'mphepete mwa matanthwe akuya, mpaka shaki ya mano otuluka kunja imene anthu a kuno amaitcha raggie. Anatikumbutsa kuti galasi la kumaso limakulitsa zinthu pansi pa madzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ndipo limazionetsa ngati zili pafupi, kotero kuti nsomba ya mita imodzi ndi theka imaoneka ngati ya mamita awiri, ndipo anthu ambiri amachita mantha ndi kukula kumene maso awo awonjezera okha. Malamulo ake anali ochepa koma anawabwereza mpaka tinawaloweza: tisasambire molunjika kwa shaki, tisaime pamwamba pake, tisatseke pakhomo pa phanga limene yagona, manja akhale opinda pachifuwa, ndipo tikaiona titsike pang'onopang'ono kufikira maso athu atalingana ndi maso ake. Chizindikiro cha shaki pansi pa madzi ndi dzanja loimika pamutu ngati chipsepse, koma iye anatipempha kuti tizichichita mofatsa, chifukwa munthu akachichita mwaphuma gulu lonse limathamangira malo amodzi.

Kunyamuka kwa boti ku Sodwana ndi ntchito payokha. Kulibe doko, choncho thirakitala imakankhira boti la rabala m'madzi, anthu n'kulikoka mpaka madzi afike m'chiuno, kenako n'kukwera mofulumira, kuvala majekete opulumutsira moyo, kulowetsa mapazi m'malamba omangidwa pansi ndi kugwira chingwe. Woyendetsa boti lathu anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene ankazungulirazungulira kuseri kwa Jesser Point akuwerenga mafunde, ndipo tsiku lina anabwerera kawiri asanapeze mpata wodutsira. Sindinamuonepo akuchita liwuma ndi nyanja, ndipo pa ichi ndimamupatsa ulemu wonse. Tikafika pamalo, aliyense ankakhala m'mphepete mwa boti, n'kugwera chagada m'madzi nthawi imodzi akawerenga kufika pa zitatu, ndipo wotitsogolera ankatsika ndi chingwe chomangidwa ku choyandama chimene boti linkatsata pamwamba pamene madzi ankatitenga.

Ulendo woyamba unali wa ku Two Mile, pa kuya kwa mamita pafupifupi 14. Titasambira mphindi khumi pakati pa timakwalala ta mchenga ndi matanthwe, mayi uja anaima, natambasula dzanja pansi kutiuza kuti titsike, kenako analoza pansi pa thanthwe lotuluka ngati denga. Poyamba ndinangoona mdima. Maso atazolowera ndinaona mchira, ndipo pa nsonga yake panali kadontho koyera ngati wina wakapaka laimu, kenako thupi lonse lowonda lotuwira linaonekera, litagona pa mchenga, mutu wake waphwatalala utaloza kumene madzi ankachokera. Inali shaki ya nsonga zoyera, imene asayansi amaitcha Triaenodon obesus, ndipo kawirikawiri siipitirira mita imodzi ndi masentimita 60. Tinagwada pa mchenga chapatali mamita anayi, chakumbali kwa phanga, ndipo tinakhala pomwepo mphindi zisanu ndi zitatu, nthawi imene kwa munthu wonyamula mpweya wowerengeka ndi yaitali ndithu.

M'mphindi zimenezo ndinaona zinthu zimene sindikanaziona tikanangodutsa. Kamwa lake linkatseguka pang'ono n'kutsekeka mwakachetechete, ndipo nthawi iliyonse likatsekeka timing'alu tisanu ta m'mbali mwa khosi tinkatukuka, chifukwa mtundu uwu umatha kudzipopera madzi opumira uli chigonere, pamene shaki zambiri zoyendayenda zimadalira kusambira kuti madzi adutse m'timing'aluto. Diso lake linali laling'ono, la kamzere koimirira pakati ngati la mphaka, ndipo linkatitsata popanda mutu kugwedezeka. M'mbali mwa thupi munali timadontho takuda tomwazikana, ndipo kuseri kwa chipsepse cha pachifuwa kunali timadontho titatu toyandikana ngati mafuwa. Mayi uja anatiuza pambuyo pake kuti shaki iliyonse ya mtunduwu ili ndi madontho akeake, ndipo popeza imabwerera m'phanga lomwelo kwa miyezi ngakhale zaka, otsogolera amazidziwa zina mwa izo monga mmene munthu amadziwira mbuzi za m'khola mwake. Tili pomwepo kansomba kakang'ono ka mzere wakuda ndi wobiriwira ngati thambo, ka mtundu umene umakhalira kuchotsa tizilombo pa nsomba zina, kanatera pamutu pa shakiyo, kanayenda m'mphepete mwa timing'alu tija kakutolatola, ndipo shaki inayasamula pang'ono n'kukhala chiyasamulire mpaka kansombako katamaliza. Nsomba zina zing'onozing'ono zinkadutsa pafupi ndi mphuno yake mosaopa, chifukwa shaki imeneyi imasaka usiku, pamene imalowetsa thupi lake lofewa m'ming'alu ya korali kufuna nsomba zogona, nkhanu ndi okutopasi.

Titakwera m'boti, woyendetsa anatigawira maswiti a pa kamtengo ochotsera mchere m'kamwa monga mwa chizolowezi cha kuno, ndipo mlamu wanga, amene anali asanaonepo shaki ndi kale lonse, anandigwira paphewa nati, "Alamu, mwaona mmene imapumira? Ine ndimaganiza kuti ikangoima ndiye kuti yafa." Funso limenelo mayi uja analitola, ndipo ulendo wonse wobwerera kumtunda anaufotokozera kusiyana kwa mapumidwe a mitundu ya shaki. Luso lotere, losandutsa chimene mlendo waona kukhala phunziro nthawi yomweyo chidakali m'maso, silipezeka paliponse.

Tsiku lachiwiri tinapita ku Seven Mile, kumene kuya kumapitirira mamita 20, ndipo anaonetsetsa kaye kuti tonse tili ndi ziphaso zololeza kutsika kupyola mamita 18, amene ndi malire a chiphaso choyamba. Kumeneko tinaona shaki yotuwa imodzi yokha, kwa mphindi yosakwana imodzi, ikudutsa m'mphepete mwa thanthwe mopanda changu, mchira wake wa mkombero wakuda ukugwedezeka pang'onopang'ono, kenako inazimiririka m'madzi obiriwira. Kuona kunali kwakufupi, koma tinkadziwa choyang'ana, chifukwa usiku wapitawo mayi uja anali atatifotokozera chenjezo limene mtundu uwu umapereka ukapanikizidwa: umapinda msana, kukweza mphuno, kugwetsa zipsepse za pachifuwa ndi kusambira mokhotakhota mokokomeza. Khalidwe limeneli analilemba mwatsatanetsatane asayansi awiri, Richard Johnson ndi Donald Nelson, mu 1973, atalifufuza ku Enewetak m'nyanja ya Pacific, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti munthu abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono akuyang'ana nsombayo. Imene tinaiona inali ndi msana wowongoka ndi zipsepse zotambasuka bwino, ndipo ndinapeza kuti mtima wanga unali m'malo chifukwa ndinatha kuwerenga thupi lake ndekha.

Dandaulo langa ndi la m'mawa wa tsiku lachitatu. Januwale ndi nyengo ya tchuthi, alendo anali ambiri, ndipo kampani inatiphatikiza ndi gulu lina kotero kuti boti linadzaza, mayi uja n'kupatsidwa ophunzira ena, ife n'kutipatsa mnyamata amene ankaoneka kuti wangoyamba kumene ntchito. Malangizo anatenga mphindi zosakwana zisanu, anaperekedwa tili chiimire pa mchenga injini ya thirakitala ikulira, ndipo za khalidwe loyenera pamaso pa shaki sizinatchulidwe n'komwe. Titafika pa phanga lomwe lija la ku Two Mile, mlendo wina wonyamula kamera yaikulu ya nyali ziwiri anasambira molunjika mpaka pakhomo, nalowetsa kamerayo mkati, nayamba kuthwanimitsa nyali. Ndinali chakumbali ndipo ndinaona zonse bwinobwino. Kupuma kwa shaki kunafulumira, inadzutsa chifuwa pa zipsepse zake, inatembenukira mkati mwa phanga kufuna potulukira pena, ndipo itasowa inabwerera n'kudutsa mwaliwiro pansi pa mkono wa munthuyo, mchenga n'kuti kobo. Wotitsogolera anaona koma sanachite kanthu, sanagogode silinda yake, sanamukoke munthuyo, ndipo titakwera m'boti sananenepo mawu ngakhale amodzi. Ena anasekerera kuti aona shaki ikuthamanga. Ine zinandipweteka mtima, chifukwa nsomba imene inasaka usiku wonse inachotsedwa pa mpumulo wake kuti wina apeze chithunzi, ndiponso chifukwa nsomba yotsekeredwa pakhomo ndi imene ingalume munthu, ngakhale ya mtundu wofatsa chotere.

Mlandu sindikuuika pa mnyamatayo yekha, chifukwa n'kovuta kuti wantchito watsopano adzudzule mlendo wolipira ndalama zambiri ngati akuluakulu ake sanamutsimikizire kuti adzaima naye. Vuto ndi lakuti ubwino umene tinauona masiku awiri oyamba unali m'manja mwa munthu mmodzi, osati m'dongosolo la kampani yonse. Madzulo ndinakadandaula kwa mwini wake, amene anandimvetsera mpaka kumapeto popanda kudziteteza, navomereza kuti boti linadzaza mopitirira mmene iwo amafunira, ndipo mawa lake malangizo a pa gombe anali athunthu kwa aliyense, kuphatikizapo lamulo lakuti nyali za kamera zisalozedwe m'phanga. Kuyankha kotereku ndikuyamikira, komabe mlendo sayenera kudandaula kaye kuti lamulo loteteza nyama litsatidwe. Nkhaniyi si yaing'ono tikaganizira mmene shaki za m'matanthwe zikuchepera. Kafukufuku wamkulu wa Global FinPrint, amene anasindikizidwa mu 2020 atatchera makamera m'matanthwe 371 a m'maiko 58, sanapeze shaki ngakhale imodzi m'matanthwe pafupifupi amodzi mwa asanu alionse, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zingathe pa dziko, linaika shaki ya nsonga zoyera pa gulu la nyama zimene zili pachiopsezo, yotuwa ija n'kuikidwa pa gulu loopsa kuposa pamenepo. Shaki ya nsonga zoyera imatenga bere miyezi yopitirira khumi n'kubereka ana owerengeka, kawirikawiri awiri kapena atatu, choncho malo ngati Sodwana, kumene idakagona mwamtendere, ayenera kusamalidwa ndi aliyense amene amapezerapo cholowa.

Zipangizo zobwereka zinali zapakatikati. Masilinda ankabwera odzaza bwino, geji yoyezera mpweya ikuloza pa 200, ndipo chopumira chinkatulutsa mpweya mosavuta, koma labala wake woluma m'kamwa anali wodyeka mbali imodzi ndipo anandisinthira nditapempha, pamene chovala cha mlamu wanga chinali chong'ambika pa bondo. Amene ali ndi galasi la kumaso lakelake abwere nalo, chifukwa galasi lolowetsa madzi limachititsa munthu kumangokweza manja kumaso nthawi imene akufunika kukhala phee.

Masana a tsiku lomwelo la dandaulo ndi pamene tinaona chinthu chimene chinandikhudza kuposa zonse, ndipo mwamwayi mayi uja anali atabwerera kwa ife. Quarter Mile ndi thanthwe laling'ono losaya, pafupi kwambiri ndi gombe, ndipo m'miyezi yotentha ma raggie aakazi oyembekezera amasonkhana pamenepo. Nsombazi zimakwerana chakum'mwera, zazikazi n'kukwera kumpoto ku madzi ofunda kukadikira bere, kenako n'kutsikira ku chigawo cha kum'mwera cha Eastern Cape kukabereka. Asanatilowetse m'madzi anatiuza kuti tikatsikire patali, tikwawe pa mchenga, ndipo tikafika pamene iye waima tigone chafufumimba osasunthanso. Madzi ankatikankha uku ndi uku, ndipo ndinazika zala mumchenga kuti ndisaseseleke. Patsogolo pathu, m'kakhwawa ka pakati pa miyala, panali shaki zisanu zazikulu, zina zoyandikira mamita atatu, mimba zili tuu, zitangolenjekeka m'madzi osakhudza pansi ndiponso osapita patsogolo. Shaki ilibe kathumba ka mpweya kamene nsomba zina zimayandamira, koma mtundu uwu umakwera pamwamba kukameza mpweya n'kuusunga m'mimba, ndipo n'chifukwa chake umatha kuima chonchi ngati womangiriridwa pa ulusi.

Imodzi inayamba kubwera kumene tinagona, pang'onopang'ono kwambiri, mchira ukungogwedera pang'ono. Ndinachepetsa kupuma monga anatilangizira, kuti thovu lisatuluke ndi phokoso. Inadutsa pafupifupi mamita awiri kuchokera pamene ndinali, ndipo ndinaona khungu lake lofiirira la madontho, diso laling'ono lotumbululuka, ndi mano aatali osongoka otuluka m'kamwa mosalongosoka. Pa manowo panali timaudzu tofewa tomera ngati ndere, ndipo mayi uja anali atatiuziratu kuti tiyang'ane chimenechi, chifukwa zazikazi zoyembekezera zimaleka kudya kwa nthawi yaitali mpaka tizamoyo ting'onoting'ono timamera pa mano osagwira ntchito. Kamwa limene pa chithunzi limaopsa kwambiri, pafupi linkachitira umboni kuti mwini wake sanalume kanthu kwa masabata. M'mimba mwa nsomba yotereyi mumakhala ana awiri okha, mmodzi mbali iliyonse ya chiberekero, chifukwa mwana woyamba kukula amadya anzake ndi mazira otsala, ndipo amabadwa ali kale pafupifupi mita imodzi. Kubereka kochepa chonchi ndiko kumachititsa kuti mtunduwu usachire msanga ukaphedwa mochuluka. Munthu wina kumapeto kwa mzere wathu atakweza mutu mwadzidzidzi, shaki ina inatembenuka n'kumenya mchira, ndipo kunamveka kuphulika ngati chikwapu, kumene ndinakumva m'chifuwa momwe. Mayi uja anatambasula dzanja pansi, tonse tinaphwatalala, ndipo patapita mphindi ziwiri nsombayo inabwerera pamalo pake. Mpweya tinali nawo wokwanira kukhalitsa, koma iye anatichotsa nthawi isanathe, natiuza pambuyo pake kuti nyama zoyembekezera siziyenera kupirira alendo nthawi yaitali. Pa chiganizo chimenechi ndikugwirizana naye kotheratu, ngakhale kuti mtima unkafuna kutsala.

Pa nkhani ya chitetezo cha anthu sindinapeze chodandaula pa maulendo onse asanu ndi limodzi. Ankatifunsa mlingo wa mpweya pafupipafupi, aliyense wofika pa 50 ankakwera ndi mnzake motsata chingwe, tinkaima mphindi zitatu pa mamita asanu tisanatulukire pamwamba, ndipo m'boti munali silinda ya okosijeni ya pangozi imene anationetsa tsiku loyamba. Anafunsanso ngati pali amene akwere ndege posachedwa, popeza munthu amene wamira kangapo ayenera kudikira maola osachepera 18. Pa za ndalama, mtengo umene amalengeza ndi wa ulendo wa boti ndi mpweya basi, ndipo kubwereka zipangizo, kulowa pa chipata cha paki ndi chilolezo cha boma chosambirira m'madzi otetezedwa zimalipiridwa padera. Zonsezi anatilembera mu uthenga tisananyamuke ku Durban, kotero kuti panalibe chotidzidzimutsa, koma amene akukonza ulendo aziphatikize zonse asanayerekeze mitengo ya makampani.

Kwa munthu amene akufuna kuzunguliridwa ndi shaki zambiri ndi kubwerako ndi kanema wochititsa nthumanzi, ntchito iyi ingamukhumudwitse, chifukwa pa ulendo wathu umodzi sitinaone shaki ngakhale imodzi, ndipo tinangokhutira ndi akamba a m'nyanja ndi nsomba za m'makorali. Kwa amene akufuna kuphunzira mmene nsombazi zimapumira, zimagonera ndi mmene zimaonetsera kuti zasautsidwa, ndikuilimbikitsa, koma ndi malangizo awiri ochokera pa zimene zinatichitikira: afunse asanalipire kuti m'boti mudzakhala anthu angati ndipo adzawatsogolera ndani, ndiponso ngati angathe apewe masabata a tchuthi chachikulu, ngakhale kuti ma raggie amapezeka m'nyengo yotentha yomweyo ndipo kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale kungakhale bwino.

M'mawa wa tsiku lomaliza ndinapempha kuti tibwerere ku phanga la ku Two Mile, chifukwa usiku wonse ndinkaganizira za shaki imene inathamangitsidwa ija. Tinali anthu asanu okha. Mayi uja anatitsogolera mozungulira kuti tifike chakumbali, tinagwada pa mchenga pamalo pomwe tinagwada tsiku loyamba, ndipo ndinadikira kuti maso azolowere mdima. Mchira wa nsonga yoyera unalipo, mutu utaloza kumene madzi ankachokera, kamwa likutseguka n'kutsekeka mwakachetechete. Ndinayang'ana kuseri kwa chipsepse cha pachifuwa, ndipo timadontho titatu tija tinali pomwepo.